Kubulungiza makona a miyendo yotangadza ya tebulo pa kompyuta: chifukwa chake Fillet ikukana

Funso la wowerenga: "Ndikujambula tebulo lodyera mu pulogalamu ya Fusion kuti ndikapatse mmisiri wa matabwa apange ndi mlombwa. Miyendo yake ndi yotangadza, madigiri 10 mukaonera kutsogolo ndi madigiri 10 mukaonera m'mbali, ndipo ndi yonenepa mamilimita 45 kumwamba n'kuonda kufika 25 kumunsi. Ndinajambula sikweya ya makona obulungira a mamilimita 6 pansi, ina pamwamba, n'kuzilumikiza ndi Loft. Ndikafuna kubulungiza phazi ndi Fillet ya mamilimita 6 pulogalamu ikukana. Ndikachepetsa ikulola, koma mbali imodzi ikudyeka kwambiri kuposa inzake. Komanso pamene thabwa lopingasa lolumikiza miyendo likukumana ndi mwendo pakutsala kampata. Kodi ndikulakwitsa pati?"

Yankho:

Zikomo kwambiri bambo chifukwa cholemba miyeso yonse, pakuti ndi miyeso imeneyi ndatha kuwerengera zimene zikuchitika m'mwendo wanu ngakhale chojambulacho sindinachione. Ndiyambe ndi kukutsimikizirani kuti pulogalamu yanu ili bwinobwino, ndipo Fillet (chida chobulungizira makona) sikukana mwachisawawa. Gwero la vuto ndi lakuti mwendowo mwaujambula mukuuyeza pansi pamene waponda, pomwe mmisiri amapala thabwa akuliyeza mopingasa kutalika kwake. Pa mwendo woima chilili miyeso iwiriyi imafanana, n'chifukwa chake ambiri a ife timajambula matebulo kwa zaka osadziwa kuti ilipo iwiri. Mwendo ukangopendama miyesoyo imasiyana, ndipo ntchito yobulungiza makona ndiyo imayamba kuulula kusiyanako.

Tengani nzimbe muidule ndi chikwanje mopendeketsa. Nzimbeyo ndi yobulungira, koma pamene mwadulapo paoneka potalikirako ngati dzira. Tsono ganizirani mobwerera: ngati pamene mwadula mopendeketsapo paoneka pozungulira bwinobwino ngati ndalama yachitsulo, ndiye kuti nzimbeyo inali yophwatalala. Zimenezi ndi zimene Loft (chida chimene chimaumba thupi polumikiza zojambula ziwiri) yachita ndi mwendo wanu. Inu mwaiuza kuti podula pogona, pansi ndi pamwamba, pakhale sikweya yeniyeni ya makona ozungulira bwino, ndipo yamvera. Koma kuti zitheke, thupi la mwendo lapanikizika cha kumene wapendamira.

Kupendamako si madigiri 10 ayi. Mwendo wotangadza madigiri 10 mbali ziwiri umapendama kwenikweni madigiri 14, kulunjika ku ngodya ya tebulo. Mawerengedwe ake ndi otere: tangent (tan pa kalikuleta) ya madigiri 10 ndi 0.176, mukachulukitsa ndi 1.414 (square root ya 2, popeza mbali ndi ziwiri zofanana) mupeza 0.249, imene ndi tangent ya madigiri 14. Ngati tebulo lanu ndi la msinkhu wa mamilimita 750 ndipo thabwa lapamwamba ndi lochindikala 30, mwendo uyenera kukwera mamilimita 720, phazi lake lituluka mamilimita 127 mbali iliyonse mwa ziwirizo, ndipo kutalika kwake kotsata pakati pa mwendo kukhala pafupifupi 742. Tsopano ikani plane (malo athyathyathya ongoyerekezera) yopingasa mzere wapakati pa mwendo, mudule mwendo wanu ndi Section Analysis, muone ndi maso. Simupeza sikweya. Mupeza dayamondi, imene kona yake yakunja ndi yam'kati zili pa madigiri 91.7 pamene makona awiri a m'mbali ali pa 88.3, ndipo kunenepa kumene mumati ndi 45 kwatsika kufika pafupifupi 44.3. Makona amene munawajambula ozungulira asanduka a dzira: yakunja ndi yam'kati zatambasuka pang'ono, koma awiri a m'mbali apindika mothina, kufika pafupifupi radius (mtunda wochokera pakati pa chozungulira kufika m'mphepete mwake) ya mamilimita 5.65 pamene pathinitsitsa.

Nambala yomalizayi ndiyo yankho la funso lanu loyamba, koma kuti imveke tiyenera kudziwa mmene Fillet imagwirira ntchito. Pulogalamu imatenga kampira kongoyerekezera, ka radius imene mwalemba, n'kukagubuduza m'kati mwa thabwa motsata kona, kakukhudza mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Njira imene kampirako kadutsa ndiyo imasanduka kona yobulungira, ndipo chotsala kunja kwake chimachotsedwa. Dzina lakuti Rolling Ball limene mumaliona m'bokosi la Fillet likuchokera pamenepa. Pobulungiza phazi, kampira ka mamilimita 6 kayenera kuyenda mozungulira phazi lonse kakukhudza pansi pa mwendo ndi khoma lake. M'mbali mowongoka kamayenda bwino. Kakafika pa kona imene yapindika ndi radius ya 5.65 sikangakwanemo, chifukwa kampira kakakulu sikangatsamire khoma la mphako yoichepera popanda kuliboola, ndipo apa ndi pamene pulogalamu imabweza uthenga wakuti yalephera. Ngakhale makonawo akanakhala a 6 yeniyeni, kampira ka 6 kakanangokwana mothinana, kopanda poyenda, ndipo mapulogalamu ambiri sachedwa kukana pamalo oterewa. Lamulo loti mulisunge ndi lakuti radius ya phazi ikhale yochepa poonekeratu kuposa ya makona aatali, ndiponso kuti yaikulu iyambe, yaing'ono itsatire.

Funso lachiwiri, lakuti mbali imodzi ikudyeka kwambiri, si vuto la chojambula chanu konse. Ndi mmene masamu alili. Radius imodzimodzi simadya mofanana pa ngodya zosiyana. Mtunda umene kona yobulungira imalowera m'mbali iliyonse umapezeka pogawa radius ndi tangent ya theka la ngodya ya pakati pa mbali ziwirizo. Pa madigiri 90 tangent ya 45 ndi 1, choncho radius ya 6 imadya mamilimita 6, ndipo tonse tinazolowera kuganiza kuti radius ndi kudya ndi chinthu chimodzi. Koma pa phazi la mwendo wanu palibe ngodya ya 90. Mbali zakunja zimakumana ndi pansi pa madigiri pafupifupi 80, ndipo radius ya 6 imadya pamenepo mamilimita 7.2, mbali zam'kati zimakumana ndi pansi pa 100, ndipo radius yomweyo imadya 5.0 yokha. Pa kona yakunja yeniyeni, pamene ngodya yatsika kufika 76, kudyako kumafika 7.7. Pa phazi la mamilimita 25 kusiyana kwa mamilimita awiri kapena atatu diso limakuona msanga. Fusion ili ndi mankhwala ake: m'bokosi la Fillet sinthani mtundu wa radius kuchoka pa Constant kupita pa Chord Length. Mukatero pulogalamu imasunga m'lifupi mwa kamzere kobulungirako kukhala mofanana kuzungulira phazi lonse, n'kumasintha radius yokha malinga ndi ngodya, ndipo diso limaona mkombero wofanana.

Tsono tikonze mwendowo. Njira imene ndimaphunzitsa ndiponso imene ndimaikhulupirira ndi yakuti pa kompyuta muzitsata ndondomeko imene mmisiri adzatsate pa benchi. Iye sayamba ndi kupendamitsa. Amapala thabwa kukhala sikweya, amalisongola kuti lionde kumunsi, amabulungiza makona anayi aatali thabwalo lili chigonere, kenaka amadula kumutu ndi kuphazi mopendeketsa, ndipo pomaliza penipeni amachotsa kuthwa kwa phazi. Mu Fusion jambulani kaye mzere wapakati pa mwendo, kuchokera pa malo a phazi kufika pa malo a mutu, pogwiritsa ntchito miyeso ya 127, 127 ndi 720 ija, ndipo muutalikitse kupitirira mbali zonse ziwiri monga mmene mmisiri amasiyira thabwa lotsala loti adzadule. Pa mzere umenewo ikani ma plane awiri ndi Plane Along Path, amene amaima mopingasa mzerewo okha. Jambulani sikweya ya makona akuthwa pa plane iliyonse, muzilumikize ndi Loft, mubulungize makona anayi aatali ndi Fillet, kenaka mudule mutu ndi phazi ndi Split Body pogwiritsa ntchito ma plane ogona, ina ya pansi ndi ina ya kunsi kwa thabwa lapamwamba. Mukatero radius ya 6 ikhala 6 yeniyeni kuchokera kumutu mpaka kuphazi, ndipo maonekedwe a dzira asamukira pamene ayenera kukhala, pa malo odulidwa.

Pali ena amene amaumba mwendo uli chilili n'kuutembenuza pambuyo pake ndi Move. Njirayo ndi yabwino, koma chenjerani ndi kutembenuza kawiri, madigiri 10 mbali iyi kenaka madigiri 10 mbali inayo. Kutembenuza kwachiwiri kumasintha zimene koyamba kunachita, moti mbali imodzi imatuluka madigiri 10 koma inayo 10.15, ndipo pa msinkhu wa 720 phazi limasuntha pafupifupi mamilimita awiri. Ndi bwino kutembenuza kamodzi, madigiri 14, mozungulira mzere wogona wopingasa kumene mwendo ukulunjika. Mwendo umodzi ukatha, muupange component (chiwalo choima pachokha), ndipo inayo itatu muipeze ndi Mirror, kuti mukadzasintha radius pa umodzi yonse isinthe.

Ndisakunamizeni kuti ndi sikweya yeniyeni zonse zatha, chifukwa pali mfundo imene ndiyenera kuiima nayo pang'ono. Pa mwendo wotangadza mbali ziwiri sizitheka kuti thupi la mwendo likhale sikweya ndiponso podula pogona pakhale sikweya. Chimodzi mwa ziwirizi chiyenera kukhala dayamondi. Mukasankha thupi la sikweya, mutu wa mwendo umene ukutsamira kunsi kwa tebulo umakhala dayamondi, ndipo mbali zake sizilingana ndendende ndi mbali za tebulo, zimapatuka pang'ono osakwana digiri imodzi. Ngati miyendo ikumangidwa payokhapayokha, ndi kachitsulo kopendeketsa kapena kathabwa kochirikiza kunsi kwa tebulo, zimenezi zilibe kanthu ndipo sikweya ndiyo yoyenera. Koma tebulo lanu lili ndi matabwa opingasa amene akukumana pa madigiri 90, ndipo pamenepa amisiri odziwa ntchito amachita chimodzi mwa ziwiri: amapala mwendo dala kukhala dayamondi kuti mbali zake zilingane ndi matabwa opingasa, kapena amausiya sikweya n'kukonza mapewa a thabwa lopingasa kuti atsamire bwino. Ndiye kuti dayamondi imene Loft inakupangirani si yolakwika mwa iyo yokha. Cholakwika n'chakuti inalowa inu osadziwa, ndipo mmisiri akanalandira pepala lonena 45 ndi 45, n'kupala sikweya, n'kudabwa pa tsiku lomanga kuti mapewa sakutseka.

Kwa ine, pa tebulo lodyera limene anthu adzalitsamira ndi kulikoka zaka zambiri, ndingasankhe dayamondi yodziwa, chifukwa kupala mbali za mwendo mopendeketsa madigiri 1.7 ndi ntchito imodzi yochitika pa miyendo inayi mofanana, pamene kukonza mapewa ndi ntchito ya malo asanu ndi atatu, ndipo palipose pangathe kutsala mpata. Mukasankha chomwecho, sungani Loft yanu ya ma sikweya ogona, koma chotsani makona obulungira m'ma sketch aja (zojambula za sikweya zija) kuti akhale akuthwa, kenaka mubulungize makona aatali ndi Fillet thupi litaumbika kale. Fillet simayang'ana kumene pansi pali. Imagubuduza kampira kake pakati pa mbali ziwiri mmene ziliri, ndipo imatulutsa kona yozungulira yeniyeni ngakhale pa dayamondi. Kusiyana kwa kudya pakati pa makona a 88.3 ndi a 91.7 ndi kochepa, pafupifupi 6.2 ndi 5.8, koti palibe adzakuone. Chimene chinakupwetekani ndi kubulungiza mu sketch yogona, osati Loft.

Za kukula kwa radius, malire ake amaikidwa ndi pamene mwendo waondetsetsa. Pa phazi la mamilimita 25 makona awiri oyandikana amagawana mbali imodzi, choncho radius singapitirire 12.5, ndipo ikafika 12.5 yeniyeni mbali yosalala imatheratu kumunsiko. Mapulogalamu amasiyana pamenepa; FreeCAD, imene imadalira Open CASCADE pa masamu ake, imadziwika ndi kukana Fillet imene yadya mbali yonse, ndipo ogwiritsa ntchito amalemba 12.4 kuti katsale kamzere. Radius yanu ya 6 ili kutali ndi malire amenewa, koma onani mmene ikuonekera: kumutu imasiya mbali yosalala ya mamilimita 33 pa 45, kuphazi imasiya 13 pa 25, ndiye mwendo umaoneka wa makona kumwamba ndi wobulungirako kumunsi. Ine maonekedwe amenewa ndimawakonda, chifukwa amapeputsa mwendo pamene ukutsikira pansi. Amene sawakonda amagwiritsa ntchito Variable radius, mwachitsanzo 8 kumutu ndi 4.5 kuphazi, kuti mwendo wonse uoneke mofanana. Pa kompyuta zimenezi n'zosavuta, koma musanasankhe funsani mmisiri wanu kuti adzabulungiza ndi chiyani. Ngati ndi rauta, makina amagetsi osemera makona, mpeni wake uli ndi radius imodzi yosasintha, ndipo yambiri imabwera m'miyeso ya mainchi: 3.2, 6.35, 9.5 ndi 12.7 m'mamilimita. Pamenepo lembani 6.35 m'malo mwa 6, kuti chojambula chifanane ndi chimene chidzatuluke. Radius yosinthasintha imatheka ndi manja, popala ndi kukhwekhwereza ndi sandipepa, kapena ndi makina osema oyendetsedwa ndi kompyuta (CNC), ndipo ndi manja imafuna nthawi imene iyenera kulowa m'mtengo wa ntchito.

Ponena za phazi lenilenilo, ndikulangizani kuti musiye Fillet n'kugwiritsa ntchito Chamfer, imene imameta kona mopendeketsa, ya mamilimita awiri kapena atatu. Chifukwa choyamba n'chakuti mpeni wa rauta unapangidwira kona ya madigiri 90. Pa ngodya ya 80 kapena 100 sutulutsa kubulungira kolowana bwino ndi mbali zonse ziwiri, umasiya kamzere kapena kaphewa, ndipo pa phazi laling'ono chonchi rauta ilibe pokhazikika. Mmisiri adzachotsa kuthwako ndi manja, ndipo chimene manja amapanga msanga ndi molondola ndi kona yometedwa mopendeketsa. Chifukwa chachiwiri ndinachiphunzira pa tebulo langa lomwe. Ndinasiya mapazi akuthwa chifukwa pa kompyuta ankaoneka okongola ataponda pansi mwaukhondo. Tsiku lina tebulolo linakokedwa pa simenti pokolopa, chala chakunja cha mwendo umodzi chinakodwa pa kamng'alu, ndipo kachipande kotalika ngati chala chachikulu kananyotsoka kutsata mitsempha ya thabwa kukwera m'mwamba, n'kusiya bala loyera pa mwendo wopakidwa vanishi. Kona yakunja ija ya madigiri 76 ndiyo yosalimba kuposa zonse, chifukwa ndi yopyapyala ndiponso ndi pamene mitsempha ya mtengo imathera. Mamilimita awiri ometedwa amakweza mitsempha yakunjayo kuti isakhudze pansi, ndipo amaipatulanso ku madzi okolopera. Mu Fusion sankhani mzere umodzi wa phazi Tangent Chain ili yoyatsa, ndipo mkombero wonse usankhika pamodzi popeza makona aatali mwawabulungiza kale. Kumutu kwa mwendo musabulungize kapena kumeta chilichonse, pakuti pamenepo mufuna mtengo utsamire mtengo popanda mthunzi.

Kampata kamene mukukaona pa thabwa lopingasa kali ndi chifukwa chapafupi. Thabwalo mwaliika molingana ndi mbali yakunja ya mwendo, koma kona ya mwendo mwaidya kale mamilimita 6, ndiye phewa la thabwa likutsamira pamene mtengo palibe. Si kompyuta yokha imene ikuonetsa zimenezi. Pa tebulo lenileni kadzakhalapo, ndipo kadzadzaza fumbi ndi nyenyeswa za chakudya. Njira yosavuta ndi kulowetsa thabwa lopingasa m'kati kupitirira radius, mwachitsanzo mamilimita 8 pa radius ya 6.35, kuti phewa lonse litsamire pa mbali yosalala. Mthunzi umene umabwera pamenepo umakongoletsanso tebulo. Pa mwendo wa mamilimita 45 werengerani bwino, chifukwa mbali yosalala ndi pafupifupi 32 yokha, ndipo thabwa lochindikala 20 lolowetsedwa 8 limathera pa 28 kuchokera kunja, ndiye kuti likukwana bwino. Njira ina ndi kulekeza kubulungira mamilimita khumi kunsi kwa thabwa lopingasa, mutu wa mwendo n'kukhala wa makona akuthwa. Pa kompyuta mungadule mwendo pamenepo ndi Split Body, kubulungiza chigawo cha kumunsi chokha, n'kulumikizanso ndi Combine. Chojambulacho chidzaonetsa kaphewa kakuthwa pamene rauta imasiya kokwera pang'onopang'ono, koma musataye tsiku lathunthu kuyesa kutsanzira kokwerako. Mawu olembedwa pa pepala la mmisiri ndi okwanira. Chimene musachite ndi kulumikiza mwendo ndi thabwa lopingasa kukhala thupi limodzi musanabulungize. Mukatero Fillet imafuna kutsata kona kudutsa pa mlumikizano, imakumana ndi makona atatu kapena anayi pamalo amodzi, ndipo kaya ikana kaya itulutsa maonekedwe amene palibe mmisiri angawapange ndi matabwa awiri.

Popeza owerenga ena sagwiritsa ntchito Fusion, ndinene mwachidule za mapulogalamu ena awiri, pakuti mfundo ndi yomweyo koma misampha ndi ina. SketchUp ilibe kona yozungulira yeniyeni. Imaipanga ndi timbali tosalala tambiri, ndipo imalephera kupanga timbali tochepetsetsa, moti pa radius ya mamilimita ochepa mumapeza mabowo pa makona a phazi. Mankhwala ake odziwika ndi kupanga mwendo kukhala component, kukopera, kukulitsa kopeyo maulendo 100, kugwira ntchito pa yaikuluyo ndi Follow Me kapena ndi chowonjezera cha RoundCorner, kenaka kuifufuta. Yaing'ono ija imalandira zonse popanda mabowo. Onetsetsaninso kuti ma axis (mizere yoyezera) a component akutsata kutalika kwa mwendo, apo ayi mndandanda wa matabwa udzakupatsani miyeso ya bokosi lalikulu lozinga mwendo wopendama m'malo mwa miyeso ya thabwa. Ndipo Soften Edges simabulungiza kanthu, imangobisa mizere ndi kusalaza kuwala. Mu Blender msampha waukulu ndi scale, ndiye kuti kukulitsa kapena kukoka chinthu. Munthu amatenga cube, kuikoka kuti italike ngati mwendo, n'kuika Bevel yobulungizira makona, ndipo kubulungirako kumatuluka kotambasuka cha m'litali chifukwa kukokako sikunakhazikitsidwe. Dinani Ctrl+A musankhe Scale musanaike Bevel, koma rotation muisiye, kuti mwendo usunge ma axis akeake. Width Type ikakhala pa Offset, nambala imene mwalemba ndi kudya kwa m'mbali, osati radius. Width ndiyo yofanana ndi Chord Length ya Fusion. Bevel ikamakana kukula ngakhale mukuwonjezera nambala, kawirikawiri ndi Clamp Overlap imene yaigwira chifukwa cha kamzere kakafupi kwinakwake, ndipo pa mwendo wosongoka kamzere kameneko kamakhala kuphazi. M'mapulogalamu onsewa musapendamitse mwendo wobulungizidwa kale ndi Shear kapena kuukoka ndi Scale mbali imodzi, chifukwa mudzabwerera ku nzimbe yophwatalala ija.

Mukakonza zonsezi, radius ziwirizo ndi ngodya ya kutangadza muziike mu Change Parameters ndi mayina ake, kuti mmisiri akanena kuti mpeni wa 6.35 alibe koma wa 9.5, musinthe nambala imodzi n'kuona nthawi yomweyo ngati thabwa lopingasa likukwanabe. Pa 9.5 thabwalo liyenera kulowa mamilimita 11 ndipo lithera pa 31, pamene mbali yosalala imathera pafupifupi pa 35, ndiye likwana koma mothina. Pepala limene mudzapereke lisakhale chithunzi chokongola cha tebulo lonse chokha. Pakhale chojambula cha mwendo umodzi utagona monga udzagonere pa benchi, kutalika kwake 742 ndi kuwonjezera kwa kudula. Pakhale podula popingasa mwendo, kumutu ndi kuphazi, pa kukula kwake kwenikweni, posonyeza madigiri 91.7 ndi 88.3 ndi chizindikiro cha kona yakunja. Ndipo palembedwe kuti mutu ndi phazi zidulidwe pa madigiri 10 pa mbali iliyonse. Podula popingasapo musindikize pa pepala popanda kuchepetsa, muyeze ndi rula kuti printa sinasinthe kukula, kenaka mumate pa katoni n'kudula, kuti mmisiri azikayika kumapeto kwa thabwa pamene akupala. Mlombwa wa miyendo inayi si wotchipa, choncho mupempheni ayambe ndi mwendo umodzi wa paini, auimike pamodzi ndi matabwa opingasa awiri aafupi, ndipo muone mapewa ndi maso anu asanakhudze mlombwawo.